Aneba akumanga chigayo kuseli kwa chipinda changa chogona, ndisayine kalata yokana?

A admin ndibiseni dzina chonde, anthu amene ndikuwanenawa mwina ali pagulu pompano.

Ndimakhala ku Area 25 ku Lilongwe, pa poloti yomwe tinagula ndi malemu amuna anga. Aneba akuseli, bambo amene tapemphera nawo mpingo umodzi zaka zambiri, anapuma pantchito chaka chatha, ndiye ndalama zawo za penshoni aganiza zogulira chigayo, chokonola ndi chogaya chomwe. Shedi ayamba kale kumanga. Khoma lake latsamira mpanda wanga, ndipo kuchoka pampandapo kufika pawindo la kuchipinda kwanga ndi mapazi asanu ndi awiri. Ndinachita kuwerenga.

Nkhani inafika kwa amfumu a m'dera, amfumu anakaitula kwa akhansala, ndipo Loweruka likubwerali kuli msonkhano. Dera lagawikana pakati. Azimayi ambiri akuchifuna chigayochi, ndipo sindikuwada, chifukwa panopa timachita kukweza thumba pa kabaza kukagayitsa cha ku Nsungwi. Koma nyumba zinayi zoyandikana ndi shediyo talemba kalata yokana. Anzanga atatu asayina, yatsala ine.

Ine ndinakulira pafupi ndi chigayo kwathu ku Dedza, ndiye ndikuchidziwa. Zovala ukayanika ukazipeza zayera mbuu ndi fumbi la madeya, makoswe ndiye osanena. Komanso ndi kuthimathima kwa magetsiku, akayaka 11 koloko usiku mwini chigayo sanganene kuti tidikire kuche. Kuseli ndili ndi kanyumba ka lendi, mumakhala namwino amene amagwira usiku n'kumagona masana. Wandiuza kale mwaulemu kuti chikangoyamba kulira asamuka. Lendi imeneyo ndiyo fizi ya mwana wanga wa folomu 3.

Chikundimanga manja n'chakuti bambo omwewa ndi amene anapereka galimoto yawo pa maliro a amuna anga, mafuta omwe, osalandira ngakhale tambala. Ndikasayina ndidzawayang'ana bwanji kutchalitchi? Ndipo kodi kalatayo ili ndi mphamvu, kapena ndingodana ndi anthu pachabe? Ndithandizeni nzeru.

Ndemanga

Bambo wa ku Kawale: Mayi, musanaganize zosayina, funsani kaye ngati ali ndi chilolezo. Lamulo la Physical Planning Act la 2016, lomwe linalowa m'malo mwa lija la 1988, limafuna kuti munthu akamasintha ntchito ya malo, kuchoka pa nyumba yogonamo kukhala malo a bizinesi, apemphe kaye chilolezo, ndipo mapulani a chimene akumangacho avomerezedwe. Amene amagamula ndi komiti yoona za mapulani, osati amfumu, osatinso khansala payekha. Msonkhano wa Lowerukawo ndi wongomva maganizo a anthu. Ngakhale manja akwere onse kuti chigayo chibwere, si chilolezo chimenecho. Kalata yanu ikapite ku ofesi ya mapulani ku khonsolo, ina adinde chidindo mubwerere nayo kunyumba. Laisensi ya bizinesi ndi pepala linanso, musasokoneze ziwirizi.

Wolemba funso: Zikomo bambo. Iwo akuti "mapepala ali m'njira". Sindinawaonepo.

Bambo wa ku Kawale: Mapepala ali m'njira koma khoma lafika pa lintala? Pamenepo ndiye pofunsa.

Mayi wa ku Chilinde: Koma Amalawi nsanje tidzasiya liti? Munthu wapuma pantchito, sakupempha, sakuba, akufuna adzidyetse yekha, inu muli kalikiliki ndi makalata. M'makomboni muno nyumba iliyonse ili ndi okala, ena saluni, ena akuwotcherera mageti pakhonde. Mukayamba kukana mutseka tauni yonse.

Wolemba funso: Achemwali, okala silira. Ine ndemwe ndimagulitsa mafirizesi pageti. Bwerani mudzaime pawindo langa muone pamene pali shediyo.

Mnyamata wa ku Ndirande: Amayi musadandaule, muzidzangotola ufa pawindo osalipira 😂

Mayi wa ku Mzuzu: Ine zinandichitikira, ndiye ndikunena zomwe ndinaona. Tinachita manyazi chifukwa mwini wake anali mkulu wa mpingo. Phokoso lokha munthu umazolowera pang'ono, koma chimene sindinkayembekeza ndi kunjenjemera. Chokonola chikayaka, makapu m'kabati ankachita kugundana okha. Kenako anthu: mzere wa azimayi kupeta pageti panga, a kabaza kuimika njinga pakhomo, ndipo popeza panalibe chimbudzi cha makasitomala, mpanda wanga ndiwo unasanduka chimbudzi. Pamene tinkadandaula n'kuti makina atamangirira kale pa simenti, magetsi a three phase atakoka kale. Aliyense ankangoti "ndiye munthu ataye ndalama zake?" Nthawi yolankhula ndi ino makina asanabwere.

Bambo wa ku Zomba: Ine ndikuona kuti vuto lanu si lamulo ayi, ndi galimoto ya pamaliro ija. Musalole kuti bambowo akaone dzina lanu koyamba papepala pamaso pa gulu, chimenecho ndiye chingawapweteke. Pitani kwawo Loweruka lisanafike, mutenge mkulu mmodzi wa kumpingo, mukawauze momwe mwatiuzira ifemu, za namwino ndi fizi zomwe. Muwathokoze za maliro, koma muwauzenso kuti simungabweze ngongole imeneyo ndi sukulu ya mwana. Mwinanso mukuwapulumutsa: akamanga popanda chilolezo khonsolo ili ndi mphamvu yowaimitsa, ndiye penshoni yathera m'njerwa.

Mayi wa ku Area 49: Kuwonjezera apo, musapite ndi "ayi" yekha. Afunseni ngati sangachite lendi malo kumsika, kumene kuli kale makasitomala, shediyo asandutse nyumba ya lendi kapena golosale. Akakakamira, zoti chizitseka 5 koloko madzulo komanso osagaya Lamulungu zilembedwe, osati zapakamwa. Za phokoso ndi fumbi mutha kufunsanso ku MEPA, bungwe loona za chilengedwe lija.

Mayi wa ku Chilinde: Malo kumsika mukuwayesa aulere?

Wolemba funso: Ndawerenga zonse, zikomo. Ndaimbira amayi a chigawo chathu kumpingo, avomera kundiperekeza Lachinayi madzulo. Kalata sindinasayinebe, ili m'Baibulo. Koma bambo a ku Kawale, ndikapita ku khonsolo kukafunsa ngati mapulani anavomerezedwa, amandiuza ine munthu wamba? Ndipo dzina la wofunsa amakamuuza mwini poloti?