Nditenge RTX 3060 kapena ndidikire kaye?

Wa magemu, Chibavi: Akuluakulu, ndigawireni nzeru. Kompyuta imodzi pamalo panga yayamba kundithawitsira makasitomala. Anyamata akaika gemu ya mpira ya FC 24, mpira ukangofika pafupi ndi golo chithunzi chimadukizadukiza, wina akaphonya chigoli mkangano wa ndalama umayambira pomwepo. Mkatimo muli purosesa ya i5-4570, RAM ya 8GB, khadi ya zithunzi (graphics card) ya GTX 1050 Ti ndi power supply yolembedwa 450W yopanda dzina lodziwika. Pali munthu wabwera ndi khadi ina yamphamvu, RTX 3060, yogwirapo kale ntchito kuchokera ku Dar es Salaam, akufuna yankho pofika Lachisanu. Nditenge?

Wokonza makompyuta, Luwinga: Achimwene, ndalamayo igwireni kaye. Mwadziwa bwanji kuti wolakwa ndi khadi? Ikani pulogalamu yoonetsa mmene zipangizo zikugwirira ntchito ya MSI Afterburner, muyatse manambala aja aoneke pakona ya sikirini, anyamata asewere ngati masiku onse. Muone khadiyo (GPU) ikufika pa maperesenti angati, purosesa angati, ndi kutentha kwake. Ndikutero chifukwa eni gemuyo amati pochepetsetsa pakhale GTX 1050 Ti ndi purosesa ya i5-6600K. Khadi yanu ili pamzere ndithu, koma purosesayo ndi ya 2013, ili kunsi kwa zomwe amafuna.

Wogulitsa zipangizo, m'tauni: Ine ndikuti tengani bwana. 3060 ya 12GB siipezeka wamba kuno, ndipo chitsikireni kwacha mu Novembala 2023 katundu wakunja sabwerera m'mbuyo mtengo. Mukaisiya lero, mudzaifuna pamtengo wina.

Wokonza makompyuta, Luwinga: Za mtengo sindikukana. Koma aipatsa moto ndi chiyani? 1050 Ti imadya 75W basi, zambiri zimangotenga moto pa motherboard popanda chingwe china. 3060 imadya 170W, imafuna chingwe chakechake, ndipo Nvidia amalangiza power supply ya 550W. Zija zopanda dzina, mukazinyamula zimapepuka ngati chitini cha mkaka chopanda kanthu, 450W yolembedwa pamwambayo sizifikako. Ikaphulika siipita yokha, imatenga ndi khadi yomwe. Ndiye pamtengo wa khadiyo onjezanipo wa power supply yabwino.

Mayi wa kafe ya intaneti, Katoto: Muwerengerenso mayunitsi, achimwene. Makina oyaka kuyambira m'mawa mpaka usiku, kusiyana kwa pafupifupi 100W kumaoneka pa mita. Ndipo ngati magetsi akazima mumadalira inveta, batire lizitha msanga kuposa kale. Ana a sukulu sangavomere kuti muwakwezere mtengo wa gemu chifukwa udzu wa m'bwalo ukuoneka bwino.

Wa magemu, Chibavi: Ndayesa monga mwanenera. Purosesa ikukhala pa maperesenti 100, khadi ikungoyendayenda m'ma 60. Kutentha kwa purosesa kukupitirira madigiri 85, chonsecho kunja kukuzizira chonchi. Nditatsegula ndapeza fani yadzaza fumbi, ndipo RAM ndi kamodzi kokha ka 8GB.

Wokonza makompyuta, Luwinga: Basi, nkhani yaoneka. Khadi ikudikira purosesa. Mukaika 3060 nayonso izingodikira chimodzimodzi, kudukiza kuja osatha. Yambani ndi zotchipa. Pemererani fumbi ndi bulowa mutagwira fani kuti isazungulire, chotsani thermal paste wakale (phala lija lothandiza kuchotsa kutentha pa purosesa) muike watsopano. Kenako pezani RAM ina ya DDR3 ya 8GB yofanana ndi iliyo, ziwirizo ziziyendera limodzi. Ngati mukadali pa hard disk, ikani SSD, chosungira mafayilo chothamanga kuposa hard disk. Zikapanda kukwana, socket yanu (pokhala purosesa) ndi LGA1150, imalandira purosesa ya i7-4770 osasintha motherboard. Ili ndi ma thread 8 (njira zogwirira ntchito nthawi imodzi) pomwe yanuyo ili ndi 4. Ya 4790 imalowanso, kungoti ma board ena amafuna BIOS (pulogalamu ya motherboard) yatsopano kaye.

Wogulitsa zipangizo, m'tauni: Pamenepo ndagonja. Koma tsiku lomwe mudzagule khadi yakale, musadzapereke ndalama isanayake pamaso panu. Pulogalamu ya GPU-Z iwonetse kuti ndi yeniyeni, pulogalamu yoyesera khadi ya FurMark iyende kwa kanthawi, muone ngati sipakutuluka timadontho kapena mizere pa sikirini. Zina zinatopa kale ndi ntchito yokumba ndalama za pa intaneti (crypto). Ndipo pa makina ngati anuwo GTX 1660 Super ikukwanirani, imadya 125W.

Wa magemu, Chibavi: Yewo chomene nonse. Wa 3060 uja ndamuuza kuti apeze wina. Achimwene a ku Luwinga, muli nayo DDR3 ya 1600? Ndibwera ndi makinawo mawa m'mawa anyamata asanaweruke kusukulu, mudzandiikirenso paste.

Wokonza makompyuta, Luwinga: Ilipo. Mubwere ndi power supply yomwe, tidzaiyeze.