Ndithandizeni nzeru pa thiranki ya magemu ndi makomiki imene achimwene anasiya

Akuluakulu, amayi ndi abambo a m'gulu lino, makamaka inu amene muli ku Harare kuno, ndabwera kudzapempha nzeru pa nkhani imene yatigawanitsa pabanja. Achimwene anga aakulu anatisiya chaka chatha, ndipo titagawa zovala ndi katundu wina monga mwa mwambo, kunyumba kwa amayi ku Mabvuku kunatsala thiranki yachitsulo imene palibe anaisamala chifukwa aliyense ankangoti muli zidole za ana. M'thirankimo muli makina a Sega Mega Drive, aja akuda okhala ndi kabowo ka mahedifoni kutsogolo, makontirola awiri ndi makatiriji (timabokosi ta magemu tolowetsa m'makinawo) 14, ena mwa iwo akadali m'mabokosi awo apulasitiki pamodzi ndi timabuku tawo. Mulinso kagemu kena kofiira ndi koyera kamene tinkangokatchula kuti TV game, mfuti yake yapulasitiki, makomiki oposa 100 a Spider-Man, X-Men ndi Superman, ambiri a pakati pa 1991 ndi 1995, komanso matepi a vidiyo amene malemuwo ankajambuliramo makatuni a pa ZBC, wailesi yakanema ya kuno ku Zimbabwe.

Ife amene makolo athu anachokera ku Ntcheu ndi ku Dedza koma tinabadwira kuno, tinakula tikuthamangira kunyumba madzulo kuti tikaonere makatuni, pamene abale athu a kumudzi sanakhale ndi wailesi yakanema ya dziko lawo mpaka mu 1999 pamene TVM inayamba. N'chifukwa chake amalume amene anabwera kudzaweruza za katundu sanaone chilichonse chaphindu m'thirankimo, ndipo ananena kuti tingopatsa ana a m'mudadada aziseweretsa. Koma mnyamata wina wogulitsa zamagetsi m'tauni atamva za katunduyu anati agula zonse pa madola 80 a ku America popanda ngakhale kuziyesa, ndipo kufulumira kwakeko n'kumene kwandichititsa kukayikira. Mng'ono wanga naye anawerenga pa intaneti kuti komiki ina ya Superman inagulidwa pa madola mamiliyoni, moti tsopano akukana kuti tigulitse chilichonse pa mtengo wotsika. Alamu anga, amayi a mwana wa malemuwo, akufuna ndalama ya fizi ya teremu ikubwerayi, ndipo sindingawadzudzule pa zimenezo.

Chimene ndikufuna kudziwa ndi ichi: kodi ndingadziwe bwanji mtengo weniweni wa zinthuzi, ndipo ndingayese bwanji makina amene akhala zaka zambiri osayatsidwa popanda kuwaotcha? M'thirankimo muli maadaputala atatu osokonezeka ndipo sindikudziwa kuti ya makina ati ndi iti. Makomiki ena ayamba kununkha nkhungu ndipo timawaya tapakati tachita dzimbiri, ndiye poti mvula yayandikira ndikufuna ndidziwenso kasungidwe kake.

Yankho la wokonza zamagetsi wa m'tauni:

Pepani ndi zovutazo, achimwene. Ine ndimakonza ma TV ndi mawailesi, ndipo choyamba chimene ndikupempheni n'chakuti musalowetse adaputala iliyonse m'makinawo mongoyesa. Mega Drive ya kabowo ka mahedifoni ndi ya mtundu woyamba, imene inatuluka ku Japan mu 1988 ndi ku Ulaya mu 1990, ndipo imafuna magetsi a DC a mavoti 9 kapena 10, kachitsulo kapakati pa pulagi kakhale ka negetivu. Maadaputala ambiri a masiku ano, monga a marawuta a intaneti, ali ndi pozitivu pakati, ndipo chaja ya laputopu imatulutsa mavoti pafupifupi 19, choncho kungokwana pabowo sikutanthauza kuti n'koyenera. Werengani zolembedwa pansi pa makinawo ndi pa adaputala iliyonse. Mukaona adaputala yolembedwa 100V, imeneyo ndi ya ku Japan ndipo idzapsa pomwepo pa magetsi athu a 220 mpaka 240. Mukaona yolembedwa kuti imatulutsa AC, ichotseni pafupi n'komwe.

Makatiriji musawauzire mpweya wa m'kamwa monga tinkachitira tili ana, chifukwa chinyezi n'chimene chimadyetsa dzimbiri timizere tagolide ta m'munsi mwa katiriji. Gulani mankhwala opukutira otchedwa isopropyl alcohol ndi timitengo tathonje totokosera m'makutu, mupukute timizereto mpaka thonje lizibwera loyera, kenako mudikire kuti paume. Polumikiza ku TV musavutike ndi chingwe cha eriyo. Kumbuyo kwa makinawo kuli bowo lozungulira la mapini 8, ndipo chingwe cha AV (cha chithunzi ndi mawu) cholowa pamenepo chimapereka chithunzi chabwino, ngakhale mawu ake amatuluka mbali imodzi chifukwa sitiriyo ya mtundu umenewu imadzera pa kabowo ka mahedifoni kokha. Yesani pa nthawi imene magetsi akhazikika, osati pamene angobwera kumene atazima.

Pa za mtengo, makina ogwira ntchito okhala ndi makontirola ake enieni ndi makatiriji a m'mabokosi sangagulitsidwe pamodzi ndi makomiki 100 pa madola 80, ndipo mnyamatayo akudziwa zimenezi. Komabe musayembekezere zambiri pa Sonic the Hedgehog wa 1991, chifukwa ankaperekedwa pamodzi ndi makina ndipo alipo ochuluka kwambiri. Samalaninso makatiriji achinyengo, amene anali ambiri kuno: enieni amakhala ndi zomangira zachitsulo kumbuyo ndi chizindikiro cha Sega chodindidwa pa pulasitiki, pamene achinyengo amapepuka ndipo pepala lake limakhala lozimiririka. Mukapeza katiriji yaitaliko yokhala ndi kachidutswa kachikasu m'mbali, monga ya mpira ya FIFA, musaitaye poganiza kuti ndi yabodza, chifukwa kampani ya Electronic Arts inkapanga yokha makatiriji a maonekedwe amenewo.

Yankho la wosonkhanitsa makomiki wa ku Belvedere:

Bambo, mng'ono wanuyo anawerenga zoona koma wazimvetsa molakwa. Komiki imene inagulidwa pa madola 6 miliyoni mu April 2024 ndi Action Comics nambala 1 ya mu 1938, mmene Superman anaonekera koyamba. Inkagulitsidwa masenti 10, ana ankaiwerenga n'kuitaya, ndipo akatswiri amati zotsala padziko lonse ndi pafupifupi 100 zokha. Makomiki a malemu achimwene anu ndi a nyengo yosiyana kotheratu. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990 anthu ku America anali atamva kale kuti makomiki akale ndi chuma, choncho ankagula ambirimbiri n'kumawasunga osawatsegula, ndipo makampani anasindikiza mopyola muyeso. X-Men nambala 1 ya mu 1991 inagulitsidwa makope oposa 8 miliyoni, ndipo ya imfa ya Superman ya kumapeto kwa 1992 inagulidwanso mamiliyoni. Chinthu chimene aliyense anasunga chili ngati tomato wa pa Mbare Musika m'nyengo yake: ndi wabwino ndithu, koma mtengo wake ndi wotsika chifukwa aliyense ali naye.

Izi sizikutanthauza kuti mugulitse mulu wonse osauyang'ana. Khalani pansi mulembe dzina, nambala ndi chaka cha komiki iliyonse, ndipo muyang'anitsitse ngati muli The New Mutants nambala 98 ya 1991, mmene Deadpool anaonekera koyamba, kapena The Amazing Spider-Man nambala 300 ya 1988 ndi nambala 361 ya 1992, chifukwa zimenezi zimafunidwa ndithu. Werenganinso timalemba ting'onoting'ono ta m'munsi mwa tsamba loyamba, popeza makomiki ena amene ankafika kuno anali osindikizidwanso ku UK kapena ku South Africa, ndipo ogula salipira mofanana ndi a ku America. Pofufuza mtengo pa eBay, msika wa pa intaneti, musayang'ane ndalama imene ogulitsa akutchula, chifukwa munthu angathe kutchula chilichonse. Sankhani kuona zimene zinagulidwa kale. Kumbukiraninso kuti mitengo yokwera imene mumaona ndi ya makomiki opimidwa ndi kampani ya CGC, imene imapereka mapointi kuyambira 0.5 mpaka 10, ndipo komiki yonunkha nkhungu, ya timawaya tadzimbiri, siyandikira n'komwe pamwamba.

Za kasungidwe, atulutseni m'thirankimo lero lomwe, muwayale pamthunzi m'chipinda chopita mphepo, osati padzuwa chifukwa mitundu imafwifwa. Ankhungu muwapatule kuti asapatsire anzawo. Akauma muwaimike m'katoni yoyera, muikemo timapaketi tija toyamwa chinyezi timene timabwera m'mabokosi a nsapato, ndipo katoniyo ikhale pamwamba pa wadiropu, osati pasimenti pamene pamadutsa chinyezi ndi chiswe. Pong'ambika musamatepo selotepi, ndipo musalole munthu kukuuzani kuti mukawachititse lamineti, chifukwa komiki yotero wogula aliyense amaikana.

Yankho la amayi ena a ku Mufakose:

Mwana wanga, anzanuwa akuthandizani bwino pa za magetsi ndi mitengo, koma ine ndaona kuti m'nkhani yanu yonse mwatchula amalume, mng'ono wanu ndi alamu anu, osanena chimene mwana wa malemuyo akufuna. Katundu ameneyu ndi wa bambo ake, ndipo inu ndinu bambo ake aang'ono, osati mwini katundu. Mumuitane mwanayo pamodzi ndi amayi ake, mutsegule thirankiyo onse alipo, asankhe zimene akufuna kusunga, ndipo zogulitsidwazo ndalama yake ipite m'manja mwa amayi ake pali mboni. Mng'ono wanuyo mumuonetse mndandanda wa mitengo mukaulemba, kuti mawa asadzanene kuti munadya chuma cha masiye.

Yankho la mnyamata wa ku Dzivarasekwa:

Akulu, kagemu kofiira ndi koyerako n'kongotengera Famicom ya Nintendo ya 1983, ndipo mitundu yotereyi inapangidwa yambirimbiri, choncho ndalama mulibemo. Mfutiyo ikakana kugwira ntchito musaganize kuti yafa, chifukwa imadalira mmene TV yakale ya chimsana imawalitsira chithunzi, ndipo pa TV yafulati siigwira. Matepi a vidiyowo muwayang'ane pa kawindo kawo. Ngati riboni ili ndi zoyera ngati ufa, imeneyo ndi nkhungu ndipo idzadetsa mitu ya makina oonetsera. Osawonongekawo ndi ofunika kuwasamutsira pa kompyuta, makamaka chifukwa cha malonda ndi zolengeza za ZBC zimene zinajambulidwa pakati pa makatuniwo, popeza makatuni enieniwo amapezeka kwina koma zimenezo n'zosowa. Ogula enieni muwafunefune pakati pa anthu amene amapita ku zochitika za makomiki monga Comexposed kuno ku Harare, kapena Comic Con Africa ya ku Johannesburg imene inayamba mu 2018, osati kwa munthu wogula kuti akagulitsenso.

Wofunsa uja:

Zikomo kwambiri nonse, makamaka inu amayi a ku Mufakose. Ndalankhula ndi alamu ndipo tagwirizana kuti Loweruka tikatsegule thirankiyo mwana alipo. Ndayang'ana maadaputala aja: imodzi yalembedwa Sega, 240V, 10V DC, ina yalembedwa 9V AC, ndipo yachitatu pepala lake linafufutika. Chingwe cha ya Segayo chasweka pafupi ndi pulagi moti waya akuoneka. Kodi ndingakulunge ndi tepi yakuda n'kuyesa?

Wokonza zamagetsi uja:

Ya Segayo ndiyo yake, achimwene, koma musaikulunge ndi tepi, chifukwa mawaya awiriwo akagundana mkati mudzaotcha adaputala yeniyeni imene payokha ili ndi mtengo. Pitani nayo kwa wokonza mawailesi aliyense adule pamene pasweka, awotchererenso pulagi, ndipo musanachoke ayeze ndi mita inu mukuona kuti negetivu ili pakati. Mita ikaonetsa mavoti 13 kapena 14 isanalumikizidwe ku makina musadabwe, chifukwa maadaputala akale a thiransifoma amatero akakhala kuti sakuyendetsa makina aliwonse. Ya AC ndi yofufutikayo muziike m'jumbo ina, kutali ndi makinawo, kuti Loweruka mwanayo asadzazitole mwachangu.