Gulu la banja: zakudya za Adadi odwala mtima

Achemwali a ku Joni: Mwadzuka bwanji nonse. Katundu uja ndapereka dzulo kwa a basi, afika Blantyre Lachinayi kapena Lachisanu, zitengera mzere wa pa boda ya Mwanza. Muli mapaketi anayi a flaxseed, lililonse 500g, ndi jekete la Adadi. Wina akadikire pa Wenela chonde.

Chitsirizira: Ndipita ine. Ngati kuti pali winanso.

Achemwali a ku Joni: Iwe usayambe m'mawa uno.

Amalume: FULAKISI NDI CHIYANINSO. Alamu anga akufunika adyo ndi ndimu m'madzi ofunda m'mawa uliwonse, mitsempha itseguka yokha. Ndinanena kale.

Achemwali anesi: Mwadzuka bwanji amalume. Ndi timbewu tofiirira, toterera, tokulirapo pang'ono kuposa chitowe. Ena amati linseed. Muli mafuta a omega-3 komanso fiber wambiri, ndipo timathandiza kutsitsa kolesitero, mafuta a m'magazi aja, pang'ono. Ndikuti pang'ono. Koma mitsempha ya mtima ikachepa njira chifukwa cha mafuta, palibe mbewu kapena ndimu yomwe ingakolope mkatimo. Mapilitsi asasiye olo tsiku limodzi.

Achemwali a ku Joni: Pang'ono bwanji? Ine ndinawerenga kuti ku Canada anafufuza, zotsatira zinatuluka mu 2013. Anthu ankadya 30g tsiku lililonse kwa miyezi 6, BP yapamwamba ija inatsika ndi pafupifupi 10.

Achemwali anesi: Zoona achemwali, koma amenewo anali odwala mitsempha ya m'miyendo, ndipo ambiri ankamwabe mankhwala awo a BP. Komanso 30g ndi masupuni akuluakulu pafupifupi anayi. Mukawapatsa Adadi anayi tsiku loyamba mimba itupa, ndiye mukuwadziwa, sadzalawanso mpaka kale. Ayambe ndi supuni imodzi m'phala, azimwa madzi okwanira. Pakatha sabata muone.

Chitsirizira: Ndizingothira momwemo?

Achemwali anesi: Ayi, uzisinja. Tathunthu timatuluka mmene tinalowera, ndalama za achemwali zithera kuchimbudzi. Mumtondo timathawa chifukwa choterera, ndiye gwiritsa ntchito blenda ngati ikugwirabe. Usapere zonse kamodzi. Pera za sabata imodzi, ika m'botolo lotseka bwino mufuriji. Ufa wake suchedwa kununkha, makamaka ndi magetsi ozimazimawa. Zosapera zimakhalitsa.

Chitsirizira: Blenda inapita ku Lilongwe nthawi ya chinkhoswe ija, siinabwere.

Alamu: Ili bwinobwino, ndimangosowa wopatsira.

Chitsirizira: Chabwino alamu 🙂

Achimwene aakulu: Tisanapite patali. Tinagwirizana K30,000 aliyense pamwezi, ya mankhwala, transipoti ya kuchipatala ndi ndiwo. Lero ndi pa 19. Atumiza ndi awa: ine, achemwali anesi, ndi Azakhali K10,000, omwe sitinawawerengere n'komwe koma apereka. Enanu mukudzidziwa.

Achemwali a ku Joni: Ine yanga ili m'basimo. Flaxseed, jekete, kulipira katundu. Muwerengere ma rand amenewo muone ngati sakupitirira.

Achimwene aakulu: Ku famase salandira jekete achemwali.

Achemwali a ku Joni: Eee. Ena tikatumiza ndalama sitimva kuti yagwira chiyani, ndiye bola katundu amaoneka. Sindikunena munthu.

Achimwene aakulu: Ngati ndi za chiliza cha agogo, malisiti alipo.

Achemwali a ku Joni: Ndati sindikunena munthu.

Azakhali: Ana inu, mchimwene wanga akudwala, si nthawi yake ino. Mulungu akhudze mtima wake ndi mitima yanu. Ameni 🙏

Amalume: AMENI. ADYO NDI NDIMU. Mnzanga wina kuno adokotala anamutaya, lero akupalasa njinga mpaka ku Lunzu.

Achimwene aakulu: Achimwene a ku Leeds, tikuona kuti mwawerenga.

Azakhali: Kodi nsalu ya ukwati wa mwana wa abambo anu aang'ono mwaiona? Akuti K18,000 mamita awiri. Ine mtundu wake sunandisangalatse, wobiriwira ngati yunifomu ya sukulu.

Alamu: Azakhali inenso ndinadabwa 😂 koma akuti anasankha ndi akuchimuna.

Azakhali: Nanga makuponi a feteleza kwanuko atuluka? Kuno mayina athu sakuoneka.

Amalume: Kuno ngakhale mfumu palibe dzina lake.

Alamu: Ine ndili ndi nkhuku zoyera zakwana masabata 6, ofuna andiuze msanga.

Chitsirizira: Pepani ndikudulani. Adokotala anati Adadi aziyenda pang'onopang'ono tsiku lililonse, ndiye akhala akutuluka madzulo okha, ife n'kumayamikira. Lero ndawatsatira. Ndawapeza pa chiwaya pa msika, chipisi cha K2,000 m'kajumbo, mang'ina pambali, akuwaza okha mchere wa tsabola uja. Wachiwayayo akuwatchula kuti "abwana a masiku onse". Atandiona anabisa kajumbo kumbuyo, mafuta akudontha pa thalauza.

Achemwali a ku Joni: Mayo ine 😭

Achimwene aakulu: Ndalama akuitenga kuti?

Chitsirizira: Funsani amene amawatumizira mobisa pa Mpamba.

Amalume: MWAMUNA SAKHUTA MASAMBA. Mukumupha ndi njala munthu wamkulu.

Achemwali anesi: Ndi zimene ndimaopa. Tikulimbana ndi supuni imodzi ya flaxseed pomwe mbale yonse ili momwe inalili. Mafuta a pa chiwaya aja amawira tsiku lonse, mawa n'kuwonjezeramo ena pamwamba, ndi oipa kwambiri kwa munthu wa mtima. Amalume, palibe akufuna kuwagoneka ndi njala. Ku Lyon ku France anatsatira anthu 605 amene anadwalapo kale mtima ngati Adadi, zotsatira zomaliza zinatuluka mu 1999. Gulu lina linauzidwa kuti lizidya masamba ambiri, nyemba, nsomba, zipatso, nyama yofiira pang'ono, ndipo batala analowetsa m'malo ndi majarini a canola. Amene anadwalanso mtima m'gulu limenelo anali ochepa kwambiri poyerekeza ndi enawo. Anasintha kadyedwe konse, sikuti anangowonjezera kambewu kamodzi.

Azakhali: Nanga ife za ku France tizipeza kuti mwanawe?

Achemwali anesi: Zili pa msika wa Ndirande azakhali. Nsima ya mgaiwa m'malo mwa ufa woyera, mitanda iwiri osati inayi. Nyemba, nandolo, khobwe. Bonongwe, nkhwani, chisoso, zotendera ndi nsinjiro m'malo mosambitsa m'mafuta. Usipa kapena matemba kawiri pa sabata, ophika ndi tomato, osakazinga. Ukakhala wamchere auviike kaye. Nkhuku achotse khungu. Mapeyala nyengo yake ikafika. Nkhumba, soseji, mang'ina, zamkati, zimenezo aiwale kaye.

Alamu: Nkhuku ndiye ndanena kuti zilipo.

Chitsirizira: Achemwali kulemba n'kosavuta. Amayi akuti mgaiwa ndi nsima ya chaka cha njala, iwo sanakwatiwe kuti azidyetsa mwamuna wawo gaga. Botolo la mafuta la malita awiri silitha masabata awiri. Ndikachepetsa mchere mumphika, Adadi amakatenga wawo, ali ndi kachitini kuchipinda. Ophika ndine, otukwanidwa ndine.

Achemwali anesi: Ndikudziwa mng'ono wanga, pepa. Amayi ndiwaimbira ndekha usiku uno. Uyambe ndi kusakaniza, theka mgaiwa theka woyera, sazindikira msanga. Za mchere, a bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO amati munthu asapitirire 5g patsiku, ndiye kasupuni ka tiyi kamodzi, kuwerengera zonse, za mu buledi zomwe. Timakyubu ta supu tija ndi mchere wokhawokha. Soda wa mu therere ndi chigwada nayenso ali ndi sodium, amakweza BP chimodzimodzi. Uziwonjezera anyezi, tomato, adyo, ndimu kuti zikome.

Amalume: MWAONA. ADYO NDI NDIMU. Anesi avomera.

Achemwali anesi: Mu ndiwo amalume, osati m'malo mwa atorvastatin, mapilitsi awo otsitsa kolesitero aja 😅

Amalume: Ndinanena kale ine.

Achemwali anesi: China, iwe chitsirizira. Adadi akumwa aspirin ndi clopidogrel, onsewo ndi oletsa magazi kuundana. Lachitatu ku kiliniki ukawauze adokotala za flaxseed asanayambe, ndi za adyo ngati amalume awapatsa kale wambiri. Ndipo phala la flaxseed lisamayendere limodzi ndi mapilitsi, pazidutsa ola limodzi kapena awiri, fiber uja amatha kuchedwetsa mankhwala kulowa m'thupi. Akamva kufinya pachifuwa kosasiya, thukuta, kupweteka kotsikira ku dzanja kapena kukwera ku nsagwada, musadikire kuti kuche, musayambe mwalemba pa gulu pano. Galimoto, chipatala.

Chitsirizira: Galimoto ya ndani, ndi ndalama iti? Ya transipoti ya Lachitatu lomweli ndilibe. Mwezi watha ndinakongola kwa amayi a pa okala, mpaka pano ndimazungulira njira ya kuseri.

Achimwene aakulu: N'chifukwa chake ndikunena za K30,000. Atorvastatin watsala wa masiku asanu, ndipo akapanda kupezeka kuchipatala tigula ku famase. Ndikutumizira K25,000 pa Airtel Money pompano, ubweze ngongoleyo, yotsala ya minibasi. Achemwali a ku Joni, mwezi uno tiwerengera katunduyo, koma mwezi wa mawa ikhale ndalama. 2kg imeneyo pa supuni imodzi patsiku ifika chaka chamawa, musatumizenso ina.

Achemwali a ku Joni: Ndamva. Koma malisiti muziponya pano.

Achimwene aakulu: Ndiziponya. Alamu anu apatsira blenda Loweruka.

Alamu: Chivundikiro chake chinasweka koma imagwira.

Chitsirizira: Hmm.

Azakhali: Ine nditumiza nandolo ndi nsinjiro, ndili nazo zambiri. Mgaiwa ndikagayitsa konkuno, wa chimanga cha makolo, alamu angawo sadzaukana. Koma wachiwaya uja wina akalankhule naye.

Amalume: Ndipita ndine. Ndikamuuza kuti azimupatsa theka.

Achemwali anesi: Amalume chonde.

Achimwene a ku Leeds: Pepani abale, ndinali pa shifiti ya usiku, mauthenga 80 ndawapeza pano. Adadi ali bwanji? Nambala yotumizira ndi yomwe ija?

Achimwene aakulu: Yomwe ija. Ndipo yanu ndi ya miyezi itatu.