Nthaka yanga ku Epworth yatopa kapena vuto ndine?

NaPhiri_Epworth:
Moni nonse abale anga. Ndili ndi kamunda kuseri kwa nyumba kuno ku Epworth, pafupi ndi Harare ku Zimbabwe, dothi lake ndi la mchenga lija loti ukaponda phazi limalowa. Malemu bambo anga ankakolola bwino pomwepa popanda zambiri koma ine chaka ndi chaka ndikuwonjezera feteleza, Compound D pobzala kenako AN, feteleza wobereketsa uja wa ammonium nitrate, chimanga chikafika m'mawondo, koma zokolola zikungotsika. Chimene chinandipweteka ndi chaka cha El Niño chija, Febuluwale wa 2024 mvula itadula, changa chinafota chisanamasule n'komwe, masamba kupotana ngati anyezi, pomwe cha agogo ena oyandikana nane chinali chobiriwirabe mpaka anadya mondokwa. Mbewu tinagula limodzi ku msika wa Mbare Musika, tsiku lobzala limodzi. Ndiye vuto ndi chani eti? Kaufiti nayenso wadzadza. Ndiwonjezere thumba lina kapena ndingosiya kulima?

Amalume_Mbewe:
Achemwali thumba lina musagule kaye, mungotaya madola. Pitani kwa agogowo masana dzuwa likuswa mtengo mukapise dzanja pansi pa chimanga chawo, kenako mukapisenso kwanu. Ndikhulupirira kwawoko mukapeza pansi pali pozizira, zinyalala zowolerana, mwinanso nyongolotsi, pomwe kwanu mchenga ukuwotcha chala. Nkhani yagona pamenepo.

Feteleza amadyetsa chimanga cha chaka chimenecho basi, dothi salipatsa kanthu. Chimene chimagwira madzi mu mchenga ndi zowola zija, mapesi, masamba, ndowe, ndiye ngati mumasosa n'kutentha mapesi chaka chilichonse ngati mmene ambiri timachitira, mwakhala mukuchotsa osabwezera. Mvula ikagwa madzi amangodutsa ngati mu sefa atatenga AN wanu uja kupita naye pansi komwe mizu sifika, pakatha masiku ochepa opanda mvula chimanga chayamba kale kulira.

China chomwe anthu sachidziwa, AN ukamuthira zaka zambiri amawawasitsa dothi, ndipo mchenga wa kuno wochokera ku miyala ija mukuiona yasanjikizana ku Epworth ndi wowawasa kale. Dothi likafika pamenepo mizu siyenda bwino ndipo fosifolasi wa mu Compound D amamangika, chimanga sichimupeza ngakhale munalipira. Mankhwala ake ndi laimu wa kumunda, ndi wotchipa kuposa feteleza, koma amafuna kuthira kukadali miyezi ingapo mvula isanayambe, osati tsiku lobzala. Alangizi a zaulimi a boma a Agritex angakuuzeni komwe mungayezetse dothi kuti mudziwe mlingo. Kaufitiyo ndi mboni chabe, amakonda nthaka yoguga, muzimuzula asanachite maluwa chifukwa njere zake zimakhala m'dothi zaka zambirimbiri.

Ine kuno ku Mabvuku ndinayamba Pfumvudza, ulimi wobzala m'mapando osagalauza, boma litaibweretsa mu 2020. Kamunda kake ndi mamita 39 kwa 16, mizere 52, mzere uliwonse mapando 28, kuti mzere umodzi uzikupatsani ndowa ya chimanga ya sabata imodzi. Malo anga sakwana onsewo, ndinangotengako nzeru yake: osagalauza, kukumba mapando nthawi ya chilimwe, manyowa m'phando momwemo, kuphimbira, ndipo chaka chamawa ubwerera m'phando lomwelo. Kumudzi ku Dedza amati mtayakhasu, ndi zomwezo.

Jafali_Mbare:
kkkk amalume mwafotokoza bwino koma mwabisa zina. Simunamve anzathu achishona akuitchula dhiga ufe? Kumba ufe! Kukumba mapando mu Seputembala dothi lili gwa si masewera, msana wanga ukudziwa. Ndiye zophimbira zomwezo muzitenga kuti mu tauni muno, ine ndinasiya mapesi bwinobwino m'munda, pofika Ogasiti anyamata osaka mbewa anayatsa moto zonse psiti, chaka china anthu anatola kukakolezera moto magetsi atazima. Komanso chiswe, ndimaopa kuti ndichiitanira ndekha.

Koma chachikulu kwa ine ndi ichi, malo omwe ambiri timalima muno si athu. Ndi m'mbali mwa msewu, pansi pa mawaya a magetsi, m'madambo. Unganenepetse dothi zaka zitatu kenako ukapeza munthu waika zikhomo akuti ndi sitandi yake yomangapo nyumba, zinandichitikira ine ndipo ndinangotola khasu langa n'kubwerera. Ndiye munthu amangoti bola feteleza, wathira lero wadya chaka chomwecho. Sindikuti ndi nzeru yabwino ayi koma ndi mmene zilili.

Amalume_Mbewe:
Achimwene za malozo sindikutsutsani, n'chifukwa chake ndikuwauza achemwaliwa poti kwawoko ndi kuseri kwa nyumba, palibe adzawachotse. Za msana, chaka choyamba chokha ndi chowawa, chachiwiri phando limakhala lofewa kale, ndipo simukumba tsiku limodzi, mapando 20 m'mawa uliwonse kuyambira Julayi mwamaliza osadziwa. Chiswe chikapeza mapesi owuma pansi chimatanganidwa nawo ndipo timauna take timalowetsa madzi, kwanga chimavuta kwambiri pamene pali mbee chifukwa chilibe china choti chidye.

Mayi_a_Tadala:
Ndalowa mochedwa koma aNaphiri imvani za ine. Ndimakhala ku Dzivarasekwa, ndimaweta nkhuku za nyama pang'ono, kale zitosi ndi utuchi wa m'khola ndinkataya kudzala mpaka apongozi anga atabwera kuchokera ku Ntcheu anandikalipira ngati mwana, akuti mukutaya ndalama inu. Anandiphunzitsa manyowa a Mbeya omwe afala kumudzi chikwerereni mtengo wa feteleza: zitosi zowuma zopunthapuntha, madeya, phulusa losefa, feteleza pang'ono, kuwaza madzi kuti zingochita chinyezi osati kunyowa chonchi, ukafinya m'manja zigwirane koma madzi asadonthe. Kenako mu thumba lokhala ndi pulasitiki mkati, kumanga ndithu, kuika pa mthunzi masiku 21. Potsegula mutembenuzire nkhope kumbali, fungo lake limalasa m'mphuno mpaka misozi kkkk. Mukayanika pa mthunzi pang'ono basi mwathira. Feteleza amene akanathera mizere yochepa amafalikira munda wonse. Zitosi zaziwisi zokha musayerekeze kuika pafupi ndi mbewu, zimawotcha, ndinaphera nazo repu bedi lonse.

Chinanso apongoziwo anabwera ndi nandolo mu kabotolo. Kuno anthu samulima kwenikweni koma ndinamubzala pakati pa chimanga, amakula pang'onopang'ono ndiye salimbana nacho, chimanga ukakolola iye amatsala wobiriwira mpaka chilimwe akugwetsa masamba pansi, zophimbira zija a Jafali akudandaulazi zimabwera zokha. Muzu wake umaboola pansi polimba pomwe khasu limalekezera, ndipo monga mtedza ndi soya amasiya nayitrojeni m'dothi. Ndiwo mwapezanso, ana anga poyamba ankakana pano amachita kupempha.

Ndionjezere za madambo poti a Jafali atchula. Lamulo la kuno limaletsa kulima mkati mwa mamita 30 kuchokera ku mtsinje, ndipo ngakhale zimawawa ukakhala ulibe pena, dothi ndi feteleza zokokoloka mmenemo zimathera mu mitsinje ya Mukuvisi ndi Marimba kenako m'nyanja ya Chivero, madzi omwewo timamwa.

NaPhiri_Epworth:
Zikomo nonse. Ndapitadi kwa agogo aja madzulo ano, ndachita manyazi, ali ndi dzenje kuseri kwa bafa lomwe amaponyamo chilichonse, makoko a nthochi, phulusa, masamba a mango osesa pabwalo, zitosi za akalulu, ndipo akuti mapesi sanatenthepo chibwerere. Ine masamba omwewo ndimawotcha Loweruka lililonse. Dzenje ndiyamba mawa. Mayi a Tadala, nandoloyo mungandisungireko kapu imodzi? Ndimabwera ku Mbare Lachiwiri kudzapikula tomato, tingakumane pokwerera makombi. Ndipo laimuyo amalume, amathira m'phando momwemo pamodzi ndi manyowa kapena amamwaza munda wonse?