Reference ya 10V: tiziisiya choyaka kapena tizithimitsa poweruka?

Wofunsa: Akuluakulu ndithandizeni nzeru. Kuntchito tili ndi Fluke 732B, reference yotulutsa 10V yokhazikika yomwe timayesera ngati ma multimeter akuwerenga molondola, ndiye abwana akuti tizithimitsa poweruka, ati ikutha mayunitsi komanso magetsi akabwera mwamphamvu usiku itha kupsa. Ine mtima ukukana koma ndikusowa chowauza.

Wa ku calibration: Ayi achimwene musayerekeze. Chimenecho anachipanga kuti chizikhala choyaka usana ndi usiku, nchifukwa chake mkatimo muli batire yoti imakoka maola 72 magetsi atapita. Zener yake, kachipangizo kogwira voltage kuti isasinthe, imakhala mu ka oven kamkati, ikazizira n'kudzatenthanso siibwerera ndendende pomwe inali, ndiye chinthu choti chaka chonse chimaloledwa kusuntha 2 ppm yokha (magawo awiri pa miliyoni), yomwe ndi 20 microvolt pa 10V, inu muzichiziziritsa madzulo aliwonse? Ndipo kanyali ka IN CAL kaja, kosonyeza kuti sichinazizirepo chiyezetsereni, kakangothima basi, certificate ya calibration ija muyambe kuikayikira, kubweza chinthucho kukachiyezetsanso si ndalama yamasewera.

Wokonza zida: Pa 732B ndikugwirizana nanu madala, koma tisaike zonse mu dengu limodzi. Ine multimeter yanga ya 34401A ndimathimitsa, m'mawa ndimangoipatsa ola limodzi itenthe kenako ntchito. Kuisiya choyaka zaka ndi zaka display ija imayamba kufooka mpaka manambala kumachita kuyang'anitsitsa, ma capacitor a power supply nawonso amauma ndi kutentha.

Wa ku calibration: Eya, ya 6.5 digit ngati yanuyo palibe vuto. Koma multimeter ya 3458A ndiye ina, buku lake lomwe limati maola 4 a warm up, ukayatsa 8 koloko uyamba kuyeza nthawi ya nsima. Imeneyo kwathu sitithimitsa.

Mayi wa zamagetsi: Nkhani ya kupsayo abwana anuwo sakunama, ndi mmene magetsi akumazimirazimiramu, makamaka pomwe jenereta ikulowa. Koma mankhwala ake si kuzula pulagi. Ikani surge protector ndi UPS ya online, yomwe siidukiza magetsi ngakhale pang'ono akathima, osati tija totchipa ta pa kompyuta. Chinanso chomwe anthu amaiwala ndi batire yamkatiyo, ndi ya lead acid ndiye imakalamba mwakachetechete, pepala likuti maola 72 koma yanuyo mwina singafike ndi mawa lomwe. Munaisintha liti?

Wofunsa: Chibwerere ine sinasinthidwepo amayi. Nanga aircon? Imeneyo ndiye amathimitsa 5 koloko ikangokwana.

Mayi wa zamagetsi: Oven ija imadziteteza ndithu, koma poyeza chipinda chikhale pa 23°C ndipo chikhazikike kaye, osati kuyatsa aircon pompo n'kuyamba kulemba ma reading. Mu Okutobala chipinda chotseka chimachedwa kuzizira.

Wa ku calibration: Abwanawo muwaonetse quotation ya recalibration pambali pa mayunitsi a mwezi, sabwerezanso. Batireyo posintha muisiye pa magetsi reference yo, ndipo muyeze 10V musanayambe komanso mukamaliza, mulembe mu logbook.