"Madzi saiwala khwawa": amalume ankandiseka kapena ankandiitana?

Wa ku Joni

Akuluakulu, ndithandizeni kumasula mwambi uwu, wandisowetsa tulo. Ndakhala ku Johannesburg zaka 14. Mu Julaye amalume anabwera kuchokera ku Zomba kudzationa, ndiye ndinati ndiwayendetseko asamangogona pa TV. Mwambiwu anaunena kawiri, malo awiri, ndipo nkhope yawo sinali imodzi.

Koyamba kunali ku Dullstroom, katawuni ka m'mapiri ku Mpumalanga, kozizira ngati pa Ku Chawe m'bandakucha. Anzanga a kuntchito amapita kumeneko kukawedza nsomba za trout. Kuwedza kwake si kwathu kuja ayi. Nyambo ndi kanthu komanga ndi nthenga ndi ulusi kooneka ngati kachilombo, chingwe umayamba wachizunguza m'mwamba kenako n'kuchigoneka pamadzi. Ine kuyambira 6 koloko mpaka dzuwa pa liwombo ndinakola udzu, ndinakola mtengo, pomaliza ndinakola chipewa cha alamu anga. Nditatopa ndinazembera kuseri kwa damu, ndinafukula pachinyontho n'kupeza nyongolotsi ziwiri, monga tinkachitira ku Likangala tili ana. Ndisanatunge n'komwe pa mbedza, woyang'anira malo anandipeza n'kundiuza mwaulemu kuti pano nyongolotsi n'zoletsedwa. Amalume anaseka mpaka kutsokomola, amvekere, "Iwe, madzi saiwala khwawa!"

Kachiwiri kunali kuchipululu, ku Kgalagadi, patatha sabata ziwiri. Tinapita mabanja atatu, tinagona ku Upington, mawa lake tinalowera pa Twee Rivieren n'kukamanga matenti ku Mata-Mata, pamalire ndi Namibia. Msewu wake umatsata mtsinje wa Auob, koma mtsinjewo ndi dzina chabe, muli fumbi, mitengo yaminga, nyumbu ndi nthiwatiwa. Usiku kunazizira moti madzi a m'beseni anagwirana pamwamba. Tili pamoto, mwana wanga wa zaka 9, wobadwira konkuno, amene Chichewa chake chimathera pa "ndili bwino, kaya inu", anaika foloko pansi n'kuyamba kuumba nsima m'manja, kuiboola ndi chala chachikulu kuti atungire msuzi. Ndendende malemu bambo anga, amene iye sanawaonepo. Amalume anamuyang'ana nthawi yaitali. Sanaseke. Anangonena mawu omwe aja chapansipansi.

Ndiye mafunso anga ndi awiri. Khwawa kwenikweni n'chiyani, likusiyana pati ndi chigwa kapena dambo? Nanga mwambiwu ndi wodzudzula kapena woyamikira?

Mphunzitsi wopuma, Ntcheu

Achimwene, khwawa ndi njira imene madzi anadzikumbira okha potsika phiri kapena chitunda. M'chilimwe mumakhala gwaa, mbuzi zimadutsamo, ana amaseweramo. Mvula ikagwa kumtunda limadzaza nthawi yomweyo. Akachuluka timati makwawa. Chigwa ndi malo otsika koma otakasuka, anthu amalima ndi kumangamo, monga Chigwa cha Shire. Dambo ndi lathyathyathya, losunga chinyontho, ndiko kumakhala madimba. Ngalande amakumba munthu ndi khasu. Kwathu kuno mudzamvanso oti mfuleni, amenewo anabwera ndi Angoni, ndipo poti muli ku Joni mwawamva kale, Azulu mtsinje amati umfula.

Tanthauzo lake ndi chizolowezi. Munthu wasiya mowa, walowa kwaya, patha chaka mwamupeza pa shabini. Kapena awiri anasudzulana pabwalo, kenako mwamva kuti bambo uja akumagonanso komweko. Apo ndiye akulu amati madzi saiwala khwawa. Kawirikawiri ndi mwambi wochenjeza kapena wotonza. Pa nkhani ya nyongolotsiyo amalume anu anaponya pamalo pake.

Mayi wa ku Chilobwe

Aphunzitsi anena zoona, koma ife a kuno mawu amenewa sitiwamvanso ngati mwambi. Mu Malichi 2023, Namondwe Freddy atafika, madzi ndi miyala zochoka m'phiri la Soche zinatsata makwawa akale amene tinali titawaiwala, ena tinali titawakwirira n'kumangapo. Agogo anga anali a ku Phalombe, ankasimba za Napolo wa 1991 wochoka m'phiri la Michesi, ndipo akaona munthu akukumba maziko pamalo otsetsereka ankanena mwambi womwewu osamwetulira. Ndiye poti mumakonda zogona m'matentizi, chonde, mukaona mchenga wosalala bwino pakati pa magombe awiri, musati apa ndiye pabwino kuyala mphasa. Mvula ikhoza kugwa kutali inu osaimva n'kununkhira komwe.

Wa ku Joni

Pepani kwambiri mayi ndi zimene munaona. Ku Mata-Mata misasa ili m'mpanda ndipo malo omanga tenti amachita kukuonetsani, koma chenjezolo ndalimva.

Msodzi wa pa Mulunguzi

Ine ndiseke kaye. Mwapita mpaka ku Mpumalanga kukaonetsa munthu wa ku Zomba nsomba ya trout? Pamwamba pa phiri lathu lomweli anaziikamo atsamunda kalekale, mu Mulunguzi ndi m'madamu a pamwambapo, n'kumanganso malo oziswetsera. Anaziikanso m'mitsinje ya m'phiri la Mulanje ndi m'madamu a ku Chelinda pa Nyika. Amalume anuwo mwina anaziona inu musanabadwe, anangokhala chete kuti mphwawo asachite manyazi.

Nsomba imeneyi kwawo ndi kumadzulo kwa North America, mitsinje yothira mu nyanja ya Pacific. Imafuna madzi ozizira ndi oyera, n'chifukwa chake ku Malawi simungaipeze ku Mangochi kapena ku Chilwa, koma pamwamba pa mapiri basi. Chimene chimandisangalatsa n'chakuti nthawi yoswana ikakwana imalimbana ndi madzi kukwera kumtunda, kufuna pamene pali timiyala ndi madzi oyenda. Yaikazi imakumba kadzenje ndi mchira n'kuikira mazira pamenepo. M'damu lopanda kamtsinje kothiramo mazirawo saphula kanthu, eni damu amachita kugula ana a nsomba n'kuthiramo. Ndiye onani, nsomba yobadwira m'thanki, makolo ake anachoka ku America zaka zoposa 100 zapitazo, koma ikufunabe kumtunda. Kwa ine mwambi uja ukukhudza zimenezo, za m'magazi.

Funso langa ndi lina. Anzanuwo atagwira, anadya kapena anachita zawo zija zojambulitsa n'kubweza m'madzi?

Wa ku Joni

Anagwira zinayi, anabweza zitatu. Amalume anafunsa ngati anthu amenewa kunyumba kwawo kuli maliro oletsa ndiwo.

Dalaivala wa ku Upington

Ndimayendetsa alendo njira imeneyo, ndiye ndiikepo mawu pa za Auob. Mtsinje umenewo ndi mnzake Nossob amakumana pafupi ndi Twee Rivieren, dzinalo m'Chiafrikaans ndi mitsinje iwiri. Pamatha zaka zambirimbiri osayenda madzi, makamaka Nossob. Koma mwaona kuti mitengo ikuluikulu yaminga ija yandanda mumtsinje momwemo, pamene pamilu ya mchenga wofiira pali udzu ndi zitsamba? Mizu yake imapita pansi kwambiri. Zitsime zimene nyama zimamwera anazibowolanso motsatira mitsinje yomweyo, ndipo n'chifukwa chake mikango mumaipeza m'mbali mwa msewu. Madzi sanachoke, alipo, angolowa pansi.

Amalume anu anakhala m'galimoto tsiku lonse akuyang'ana khwawa louma la makilomita oposa 100. Madzulo ake aona mdzukulu akudya ngati mlamu wawo amene anamwalira. Ine sindikuonapo chitonzo pamenepo.

Mphunzitsi wopuma, Ntcheu

Adalaivala mwalankhula mokoma, koma tisaukoke mwambi ngati legeni. Wonena za kwathu tili nawo kale: kwanu n'kwanu, m'thengo mudalaka njoka. Wa khwawawu ine pa zaka zonse zimene ndinaphunzitsa ndinkaumva ponena za khalidwe lobwerera, ndipo kawirikawiri khalidwe lake losakoma. Mwana wa sukulu akanandilembera kuti ukutanthauza kufanana ndi agogo, ndikanamupatsa theka la malikisi.

Mayi wa ku Chilobwe

Thekalo ndi lochuluka kale aphunzitsi, poti amalumewo sankalemba mayeso. Komanso taganizani, munthu wamkulu wakwera basi kuchoka ku Zomba, kudutsa Mwanza, Tete, Harare, Beitbridge, masiku awiri pampando. Ameneyo sanapite kukaona nthiwatiwa. Achimwene a ku Joni, kumudzi munapita liti komaliza?

Wa ku Joni

2019, pamaliro a bambo. Mwanayu sindinamutenge, anali wamng'ono.

Ndawaimbira amalume madzulo ano, ndinati ndingowafunsa okha m'malo movutitsa anthu. Ayankha kuti ku Dullstroom ankanena za ine, ku chipululu ankanena za mtsinje, ndipo ndisiye kuganiza kwambiri ngati mzungu wobweza nsomba. Ndinati nanga bwanji munkayang'ana mwana? Akuti utsi unkawalowa m'maso, kumeneko n'kumene kunali kopenyeka.

Kenako andiuza kuti denga la nyumba ya bambo layamba kudontha mbali ya kuchipinda, malata atatu, ndipo iwo sakwera pa denga ndi msana umene uja. Ndinati nditumiza ndalama apeze mmisiri. Akuti mmisiri alipo, koma makwerero ake amafuna munthu wogwirira pansi, ndipo sukulu za kuno amva kuti zimatseka kumayambiriro kwa Disembala.