Chevelle SS 396 ya 1970 pa madola 58,000: mtengowu ndi woyenera?

Wakuntcheu:

Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Kuno ku Indiana, ku America, kuli bambo wina akugulitsa Chevrolet Chevelle ya 1970, ya zitseko ziwiri, yofiira ya mizere yakuda, ya magiya anayi osintha pamanja. Akuti ndi SS 396 yeniyeni (Super Sport, mtundu wamphamvu wa Chevelle) ndipo injini ndi yomwe inachoka nayo ku fakitale. Akufuna madola 58,000. Penti ikuwala, injini ikulira bwino, koma pepala lomwe ali nalo ndi la umwini, title, basi. VIN, nambala ya galimotoyo ya ku fakitale, ikuyamba ndi 136370K. Ndiyambire pati kuti ndidziwe ngati mtengowu uli pamalo pake?

aPhiri wa Masipanala:

Achimwene, mtengo muusiye kaye. Yambani ndi kudziwa chimene akukugulitsanicho, chifukwa Chevelle ya 1970 ndi imodzi mwa galimoto zosavuta kuziveka dzina la eni.

VIN mwalembayo ikungonena izi: 1 ndi Chevrolet, 36 ndi Chevelle ya mtundu wa Malibu ya V8, 37 ndi bodi ya zitseko ziwiri ya denga lolimba, 0 ndi chaka cha 1970, K ndi fakitale ya ku Kansas City. Za SS mulibemo. Kuyambira 1966 mpaka 1968 SS 396 inali ndi nambala yakeyake yoyamba ndi 138, koma kuchokera mu 1969 SS inasanduka chowonjezera chimene munthu ankasankha pa Malibu. Mu 1970 SS 396 inali Z25, SS 454 inali Z15. Ndiye Malibu wamba ndi SS zimayamba ndi manambala ofanana. Zizindikiro za SS, boneti yotukuka pakati, mizere, dashibodi ya mamita ozungulira, zonsezi zimagulitsidwa zatsopano lero ndipo aliyense angathe kumangirira. Carfax, yomwe imapereka mbiri ya galimoto, nayonso sikuthandizani, imawerenga VIN ya zilembo 17 yomwe inayamba mu 1981, pomwe yanuyo ili ndi 13.

Umboni umapezeka malo awiri. Oyamba ndi mapepala a ku fakitale: build sheet, pepala lolembedwa zonse zimene anaika pa galimotoyo poipanga, kapena Protect-O-Plate, kachitsulo kamene kankamatidwa m'kabuku ka waranti. Build sheet nthawi zambiri ogwira ntchito ankaisiya m'galimoto momwemo, m'masipuling'i a mpando wakumbuyo, kuseri kwa zophimba zitseko, pansi pa kapeti kapena pamwamba pa thanki ya mafuta. Ikapezeka, pakhale Z25 ndipo manambala ake agwirizane ndi VIN komanso ndi kachitsulo ka Fisher Body, opanga bodi, ka kuseri kwa injini. Samalani, mapepala abodza opakidwa tiyi kuti aoneke akale aliponso. Zikanakhala kuti galimotoyo inapangidwira ku Oshawa, ku Canada, mukanaitanitsa zolembedwa za GM (General Motors, eni Chevrolet) ya kumeneko, koma ya K mwayi umenewo ilibe.

Malo achiwiri ndi injini yeniyeniyo. Kutsogolo kwa block, mbali ya wokwera, patsogolo pa cylinder head, pali kamalo kosalala kodindidwa manambala. Pukutani ndi kansalu ka thinner, osapala ndi sandipepa. Muyenera kuona mizere iwiri. Wina umayamba ndi T, kutanthauza fakitale ya injini ya ku Tonawanda, kenako mwezi ndi tsiku, kenako zilembo zitatu. Pa 396 ya 350 hp ya giya ya pamanja zilembozo ndi CTX, ya otomatiki ndi CTW. Mzere winawo ndi chidutswa cha VIN: 10K ndi manambala 6 omaliza a galimoto yanuyo. Pa zina chidutswachi anachidinda pansi, pafupi ndi fyuluta ya oyilo, choncho mukachisowa pamwamba suzumirani kumeneko. Tsiku la injini lisonyeze kuti inapangidwa kanthawi kochepa bodi isanapangidwe. Pa kachitsulo ka Fisher Body mukaona 03B, ndiye sabata yachiwiri ya Malichi, ndipo injini ya mu Meyi singakhale yake.

Yang'aninso khungu la kamaloko ndi tochi yowalitsa chopendekera. Makina a ku fakitale ankasiya timizere ting'onoting'ono towongoka, toyenda kuchokera kutsogolo kupita kumbuyo. Mukaona timizere tozungulira, block inapalidwa ku machine shop ndipo manambala alipowo mwina anadindidwa dzulodzuloli.

Chinanso, injini yaikulu si umboni wa SS. Chaka chimenecho Malibu wamba inkathanso kubwera ndi big block ya 330 hp yotchedwa LS3. Ndipo yomwe ankaitcha 396 mu 1970 kwenikweni inali ya 402 cubic inches, dzina lokha ndi limene anasunga.

Nabanda:

Zimene anena aPhiri ndi zoona, koma ine mantha anga ali pa chitsulo. Injini yolakwika mutha kuisintha pa masiku awiri. Bodi yowola imadya ndalama kuposa china chilichonse pa galimoto zimenezi, ndipo ku Indiana amathira mchere m'misewu nyengo ya chisanu. Penti yowala pa galimoto ya kumeneko ndi chifukwa choonetsetsa kwambiri, osati chodekhera.

Musakaione m'garaja usiku kapena itangonyowa ndi mvula. Iikidwe pa lift masana. Tengani maginito ofooka, aja omata pa fuliji, muwakulunge m'kansalu kuti asakande penti. Yendetsani m'munsi mwa mafenda akutsogolo kuseri kwa tayala, m'munsi mwa zitseko, kuzungulira mataya akumbuyo ndi kuseri kwake. Pomwe maginito akugwa pali filler, phala lomatira chitsulo, wokhuthala. Ngati mungabwereke kamita koyezera penti ndi bwino koposa: malo abwino amawerenga manambala oyandikana bodi yonse, ndiye mukafika pomwe nambala yalumpha katatu kapena kanayi, pamenepo pabisika kanthu.

Chevelle imakonda kuwola m'munsi mwa galasi lakumbuyo, makamaka imene inali ndi denga la vinyl. Madzi amakhazikika m'ngalande ya galasilo, n'kudonthera mu buti, n'kuwoletsa pansi pake. Chotsani mphasa ya mu buti ndi tayala la sipeya. Lowetsani mutu muyang'ane mkati mwa mapanelo akumbuyo: mzere wowotcherera wodutsa pakati ukusonyeza kuti anaika chigamba, ndipo chigamba chongosanjika pamwamba pa chitsulo chakale chimasunga chinyezi, pakapita zaka zochepa penti imayamba matuza motsatira mzerewo. Kutsogolo, thirani madzi m'timabowo ta m'munsi mwa galasi, wina ali mkati akuyang'ana pansi pa dashibodi. Akadontha pa kapeti, cowl, chitsulo cha m'munsi mwa galasi lakutsogolo, yaboola, ndipo kukonza kwake ndi kuchotsa galasi, mafenda ndi dashibodi.

Pansi, gogodani chassis ndi kahamala, makamaka kuseri kwa mataya akutsogolo ndi pomwe imakhotera m'mwamba patsogolo pa mataya akumbuyo, komanso pamene bodi imakhalira pa mabushi. Chitsulo chabwino chimalira ngwe, chowola chimangoti phu. Phula wakuda watsopano wopoperedwa pansi ponse musamukhulupirire, kandani ndi sikuludiraiva m'makona.

Muli pansi pomwepo werengani mabawuti a pa chivundikiro cha difu. SS inali ndi ya mabawuti 12. Ione ngati ili ndi sway bar kumbuyo ndi ma control arm apansi otsekedwa mbali zonse, komanso mabuleki a disc kutsogolo. Zikakhalapo sizitsimikiza kanthu, koma zikasowa zikukuuzani zambiri. Pa giyabokosi ya Muncie palinso chidutswa cha VIN chodindidwa, chifanane ndi cha pa injini.

Injini muipeze yozizira, igwireni ndi dzanja asanailize. Compression ya masilinda onse 8 isasiyane kupitirira 10 peresenti. Ikatentha, oyilo asatsike pansi pa 10 psi pa 1,000 rpm iliyonse. Za mamailosi musataye nazo nthawi, mita yake ili ndi manambala asanu okha, ikafika 99,999 imayambiranso.

Wakuntcheu:

Zikomo kwambiri aPhiri ndi mayi Nabanda. Nazi zomwe zapezeka. Build sheet palibe. Pa kamalo ka injini pali CTX koma timizere take ndi tozungulira ndipo chidutswa cha VIN sichikuoneka paliponse. Difu ndi ya mabawuti 12, sway bar ilipo. Pa kachitsulo ka Fisher Body penti yalembedwa 28. Chassis ndi pansi pa buti zili bwino, koma maginito akugwa kuseri kwa tayala lakumbuyo lakumanzere, malo aakulu ngati zikhatho ziwiri. Pamenepa ndipereke zingati?

Gondwe Mkulu:

Mphwanga, 28 ndi Fathom Blue. Yofiira ya Cranberry Red ikanakhala 75. Ndiye galimotoyo inabadwa yabuluu, wina anaisintha mtundu. Phatikizani ndi block yopalidwa yopanda VIN, ndi kusowa kwa pepala lililonse. Mwina ndi SS yeniyeni yomwe inataya injini yake kalekale, zimenezo zinkachitika kwambiri chifukwa galimotozi ankazithamangitsa mopanda chifundo. Koma palibe amene angatsimikize, ndipo tsiku lomwe mudzaigulitse wogulayo adzakufunsani mafunso omwewa. Choncho muiwerengere mtengo wa Malibu ya big block yovekedwa ngati SS. Mawu a mwini wake sawonjezera ngakhale dola imodzi.

Kapezedwe ka nambala ndi kotere. Choyamba ipatseni giredi, monga achitira ndi fodya ku okushoni ya ku Kanengo. A Hagerty, omwe amafalitsa mitengo ya galimoto zakale, amagawa panayi: 1 ndi ya chionetsero yopanda banga, 2 ndi yabwino kwambiri, 3 ndi yabwino yoyenda nayo, 4 ndi yotopa koma yoyenda. Pafupifupi wogulitsa aliyense amaika yake pa 2. Galimoto ya filler m'panelo ndi penti yosinthidwa ili pa 3, ndipo musalole kukambirana pa mtengo wa 2.

Kenako fufuzani zomwe zinagulidwadi, osati zomwe zikuitanidwa. Mitengo ya pa Facebook Marketplace ndi ya pa Hemmings ndi zofuna za eni ake, ina yakhala pamenepo chaka chathunthu. Onani zotsatira za okushoni za Bring a Trailer, za Mecum ndi za Barrett-Jackson, kapena Classic.com yomwe imazisonkhanitsa pamodzi. Tengani za miyezi 12 mpaka 18 yapitayi, zisanu kapena kuposerapo, zonse za 1970, za denga lolimba, za magiya anayi, zolembedwa kuti tribute kapena clone (zongovekedwa ngati SS), kapena SS yopanda mapepala. Za injini ya LS6 ya 450 hp ndi zotsegula denga musaziyandikire n'komwe, zili m'dziko lina la mitengo. Tayani yokwera kwambiri ndi yotsikitsitsa, mutenge ya pakati. Yokwera kwambiri kawirikawiri imakhala ya ku okushoni za ku Scottsdale kapena Kissimmee mu Januwale, pomwe anthu awiri olemera analimbana pamaso pa makamera, ndipo zimenezo sizichitika pakhomo pa munthu ku Indiana. Onetsetsaninso ngati nambala yalembedwayo ikuphatikiza ndalama ya wogula, yomwe ku okushoni zazikulu imakhala cha m'ma 10 peresenti, pa Bring a Trailer 5 peresenti. Wogulitsa uja sanalandire yonseyo, iyenso anadulidwa yake.

Pa nambala ya pakatiyo chotsani zokonza. Musaganizire nokha, pitani ndi zithunzi kwa owongola magalimoto awiri akulembereni mtengo wodula panelo, kuwotcherera chitsulo chatsopano ndi kupenta. Afunseni ngati penti ingafanane akapenta mbali imodzi yokha, chifukwa yofiira imavuta kufananitsa ndipo nthawi zina amakakamizika kupenta mpaka chitseko ndi denga. Pa mtengo akupatseniwo wonjezerani gawo limodzi mwa magawo atatu, poti akatsegula amapeza dzimbiri lapita patali kuposa pomwe maginito anagwera. Tingoyerekeza: ya pakati yatuluka 45,000, okonza anena 6,000, inu muwerengere 8,000, ndiye musapitirire 37,000. Manambalawa ndangopereka chitsanzo cha masamu, enieniwo muwapeze nokha. Kumbukiraninso msonkho wa 7 peresenti wa ku Indiana polembetsa title. Pa 58,000 ndi madola 4,060 apadera.

aPhiri wa Masipanala:

Masamu a aGondwe ndikugwirizana nawo, koma pamodzi ndisiyana nawo pang'ono. Musafulumire kuitcha clone mpando wakumbuyo ndi zophimba zitseko zisanachotsedwe komanso pamwamba pa thanki pasanaonedwe. Ndi ntchito ya maola ochepa. Build sheet ya Z25 ikatuluka, galimotoyo ikhala SS yotsimikizika ya injini yosintha, ndipo imeneyo imakhala pakati: pansi pa ya manambala ogwirizana, pamwamba pa yongovekedwa. Mwini wake akakana kuti mufufuze, mwamva kale yankho. Onaninso nambala ya pa giyabokosi ija, simunatiuze. Muncie ikakhala ndi VIN ya galimotoyo, ndiye kuti inabadwadi ya magiya anayi, ngakhale za SS sizinathebe.

Nabanda:

Musanapereke ngakhale ndalama ya chikole, fananizani VIN ya pa title ndi ya pa dashibodi chilembo ndi chilembo, ndipo dzina la pa title likhale la amene akukugulitsaniyo. Marivet a kachitsulo ka VIN akhale a ku fakitale, a mutu wonga duwa, osati ozungulira a ku hardware. Pali chidutswa china cha VIN chobisika pa chitsulo cha kuseri kwa injini, pansi pa bokosi la hita. Chikasiyana ndi cha pa dashibodi, nkhani si ya mtengonso, galimoto yotero apolisi atha kuilanda ili m'manja mwanu. Ndipo lipirani munthu wodziwa ma Chevelle, amene si mnzake wa wogulitsayo, akaione ndi kulemba lipoti. Pa risiti mwini wake alembe ndi dzanja lake zomwe akunenazo, kuti ndi SS ndiponso kuti injini ndi yake ya ku fakitale. Ambiri akafika pa cholembera amasintha mawu n'kuyamba kunena kuti naonso anangouzidwa, ndipo apo ndi pomwe mumatulutsa pepala la owongola magalimoto ndi zotsatira za okushoni zija.